Makilomita 87 a Pikapu ya Mazira

LOLEMBA

09:02 Ine: 📷 chithunzi

09:02 Ine: moni wa kufakitale! alamu, mzime wanga, taonani pomwe ndaima. malole anga onse 42 anabadwira mchinyumba chimenechi. kampani yakwanitsa zaka 90, yaitana makasitomala 12 okha dziko lonse lapansi, mmodzi mwa iwo ndi ine amene

09:04 Ine: dzulo pa dinner ndawauza poyera. zaka 24 pamsewu, sindinachedwepo ndi katundu wa munthu, sindinalonjezepo ulendo nkulephera. womasulira mpaka anabwereza kawiri. anaomba mmanja

09:11 Mzime: congrats adadi. jekete mwavala? mankhwala a bp?

09:12 Ine: mayiko 19 ndayenda ine mwanawe, kuzizira kumandipatsa moni

09:15 Ine: 🎤 mawu 1:08
"Tamverani mbiri iyi. Kampani yonseyi inayambira mkashedi, munthu mmodzi akupanga mawilibala. Wilibala yoyambayo ilipo, aiika mugalasi ngati mwana wobadwa masiku asanakwane. Kenako anapanga kagalimoto ka matayala atatu, zitseko zamatabwa. Fakitale inapsa kawiri, iye osagwa mphwayi. Lero galimoto imatuluka mphindi iliyonse. Ndaima pamenepo ndati uyu ndi m'bale wanga uyu. Kuyamba ndi manja okha, ngati ine."

09:31 Alamu: manja okha

09:32 Ine: eya alamu, manja okha kkkk. tsono nkhani nayi. lachisanu akupereka mendulo kwa eni magalimoto omwe akwana 500,000 km injini yake yomweyo osasintha. ndakumbukira pikapu ya mazira ija ili mugalaja mwanu. ikuwerenga zingati?

09:50 Alamu: 499913

09:51 Ine: kwangotsala 87! muizungulitse tauni mawa, mujambule mita, munditumizire pasanafike lachinayi. mendulo ndi yathu

10:20 Alamu: imeneyo siyenda

10:21 Ine: yawonongeka?

10:22 Alamu: ili bwinobwino. ndimailiza loweruka lililonse

10:22 Ine: nanga?

10:40 Alamu: mukabwera tikambirana

12:35 Mzime: adadi isiyeni kaye pls. ndi galimoto ya amayi, miyezi inayi yokha chiwaikireni. tidzakamba mukafika, si za pa foni

12:37 Ine: mayi ako akanakhala woyamba kunyadira. chitsulo sichilira maliro mwanawe

LACHIWIRI

08:10 Ine: 📷 chithunzi

08:11 Ine: survey yawo iyi. pa eni magalimoto 100 alionse, 94 akuti ndi okhutira. ine andifunsa 1 mpaka 10, ndalemba 11, mtsikana wa mafomu waseka mpaka kugwira tebulo

08:12 Ine: alamu mita ija

11:45 Ine: alamu

15:03 Ine: ndikuona kuti mukuwerenga. pali mzungu wina pano wa taxi, 502,000 yokha akuyenda chotukumula ngati anapanga yekha injini. andipose ameneyo chifukwa cha 87?

LACHITATU

10:05 Ine: basi ndakonza ndekha. kiyi wa sipeya anali mu drawer ku ofesi. ndatuma Mtali, dalaivala wa nambala 7. wanyamuka kale. musavutike alamu, pitirizani ndi lole yafera kumsewu ija

10:48 Alamu: ☎ foni yosayankhidwa

10:48 Alamu: ☎ foni yosayankhidwa

10:49 Alamu: muuzeni aime

10:49 Alamu: aime pompo

10:51 Ine: ndili mu bus ya tour, akutionetsa popenta. chavuta nchiyani?

10:56 Mzime: ndangotuluka kumene mkalasi. adadi mwatani?? amalume nambala ya Mtali

10:57 Alamu: ndakutumizira

11:04 Mzime: waima pa filling station. ndamuuza azimitse asaigwirenso

11:04 Alamu: mita

11:06 Mzime: 499944

11:06 Alamu: 31 apita

11:07 Ine: wina andiuze chikuchitika. galimoto ndi yanga, dalaivala ndi wanga, mafuta ndi anga

11:09 Alamu: blue book ili mdzina la mlongo wanga. anaigula ndi nkhuku zake. inu munalibe ndi laisensi yomwe

11:10 Alamu: lole yanu yoyamba munaipeza ndi ma trip a masana pa pikapu yomweyo iye akamaliza kugawa mazira. manja okha

11:18 Mzime: 🎤 mawu 1:31
"Adadi, mverani mpaka kumapeto. Tsiku lomwe munakaitenga pikapuyi, amayi ndi amene ankayendetsa. Mafuta anakutherani pomwe msewu umadutsa njanji, pafupi ndi thanki ya madzi. Inu munatsika nkumakankha mutavala suti yobwereka. Akuti munanena kuti, galimoto iyi ikadzakwana hafu miliyoni, tidzakhala pompano, iwe pa chiwongolero, ine pambali pako ngati bwana. Amayi anayeza, adadi. Kuchoka pa geti la amalume kukafika panjanjipo ndi 87. Patatsala 87 yomweyo kuti mita ikwane, anaiimika, chaka chatha. Miyezi eyiti yomalizayo mazira ankagawa pa taxi. Ankadikira inu."

11:40 Mzime: mwamvera?

11:58 Ine: sanandiuze

12:00 Mzime: anakuuzani kt pali kaulendo kakang'ono. ine ndinamva ndi makutu anga kanayi. munkati next week

12:01 Ine: sananene kuti ndi zimenezo

12:02 Alamu: ankafuna mukumbukire nokha

12:03 Ine: nanga inu awiri, miyezi inayi yonseyi?

12:06 Mzime: tikangotchula dzina lawo mumayamba za mitengo ya matayala adadi. tinkadikira mukhale pansi

12:30 Alamu: ndikupita ndi lole ndikaikweze. matayala ake asagundenso pansi

14:52 Mzime: tafika. Mtali wakankhira mpando kumbuyo mpaka kumapeto. pilo wa amayi uja amakhalira kt aziona kutsogolo wamuponya kumbuyo ku mathireyi a mazira

14:53 Mzime: si mlandu wake, akungopepesa. ndalira pamaso pa anthu othira mafuta

15:20 Mzime: 📷 chithunzi

15:21 Mzime: ndapeza ichi mkabokosi ka pa dashboard. ndi fomu yomweyo ya survey, ya chaka chatha. anadzaza koma sanatumize

15:25 Ine: sindikutha kuwerenga, magalasi ali ku hotela

15:26 Alamu: magalasi ali pamphuno mu chithunzi mwaika pa status mmawa

15:31 Mzime: ndikulemberani.
mwakhala nayo zaka zingati: 25
yakuvutitsanipo chiyani: chitseko changa chimafuna bondo. hutala imalira ngati mbuzi mvula ikagwa
mwakhutira bwanji, 1 mpaka 10: 10

15:33 Mzime: mbali yomwe yatha msanga: mpando wanga
mbali yomwe yakhalitsa: mpando wa pasenjala. ukadali watsopano, mwini wake ndi wotanganidwa

15:36 Mzime: ndemanga zina: galimoto 10. bambo a kunyumba 6, poti sapezeka pa service

15:37 Alamu: 6 anawonjezera

15:40 Mzime: funso lomaliza, mutapatsidwa mwayi mungasankhenso yomweyi? alemba kt eya, onse awiri

15:58 Mzime: adadi?

17:10 Mzime: ☎ foni yosayankhidwa

LACHINAYI

07:44 Ine: alamu. inu mumadziwa za mamita. 31 yokha. muibweze pa 913, palibe angadziwe

08:15 Alamu: zaka 26 sindinaigwirepo mita imeneyo. chilichonse chili pamenepo anayenda ndi mlongo wanga kupatula 31 wanuyo

08:16 Ine: ndikugulirani makina atsopano a galaja yonse

08:16 Ine: ndikupemphani

08:30 Alamu: ayi alamu

09:47 Ine: ndabwereranso ku museum ndekha. pa chithunzi cha kashedi kaja pali mayi wagwira wilibala mbali inayo. lolemba sindinamuone. ndafunsa wotionetsa kuti ameneyu ndani, akuti mwina mkazi wake, dzina sanalembe

09:49 Ine: zaka 90, nyumba yonseyi magalasi okhaokha, dzina sanalembe

10:02 Mzime: mwadya?

10:20 Ine: mzime, tsiku lija kuchipatala. ndinafika 4 koloko

10:21 Mzime: adadi musayambe

10:21 Ine: anapita 2 koloko. ndinali pa border ndi makontena a munthu. makontenawo anafika pa nthawi yake

10:23 Ine: ndiye ndaima pa dinner nkumati sindinachedwepo. anthu nkuomba mmanja

10:40 Ine: 🎤 mawu 0:09

10:44 Mzime: simukumveka mawu adadi, mukungopuma

10:45 Mzime: bwerani kunyumba

13:12 Ine: akuluakulu a kampani amva za pikapu. akuti ngakhale isanakwane aigula aiike mu museum, andipatsa double cab yatsopano ya zero. ndawauza kuti mwini wake palibe ndipo ine ndilibe mphamvu yogulitsa katundu wa munthu

13:13 Ine: tikiti ndasintha. dinner adye ndi wa taxi uja

13:30 Alamu: ndege ifika nthawi yanji

13:31 Ine: loweruka 6 mmawa. Mtali adzanditenga

13:33 Alamu: ndibwera ndine

LOWERUKA

09:20 Alamu: mpando ndaubweza. pa njanji yake pali podyeka, dzino lachitatu, sungaphonye. pilo ndamukutumula koma sindinamuchape

09:21 Alamu: mwana wa mlongo wanga, giya yachiwiri usaikakamize, uziyamba wainyengerera. chitseko ndi bondo

09:22 Mzime: ndamva amalume. simubwera?

09:25 Alamu: kutsogolo ndi kwa anthu awiri. ine ndinakwera kokwanira

09:58 Ine: tanyamuka. 499944. mwanayu msinkhu ndi wa mayi ake ndendende, pilo wamukwana

10:07 Ine: alamu mbali ino manja ndiwaike pati? ndakwera ndege, sitima za pamadzi, ngamila yomwe ndinakwerapo, koma apa sindikudziwa pogwira

10:09 Alamu: pali chogwirira pamwamba pa chitseko. chikadali mu pulasitiki

10:31 Ine: mukununkha mazira ndi mafuta ake odzola aja

10:52 Ine: wapanga overtake thirakitala, ndaponda brake yomwe kulibe. akuti adadi khalani ngati katundu

10:53 Alamu: mayi ake ankatero

11:19 Ine: 499998

11:23 Ine: 📷 chithunzi

11:23 Ine: 500000

11:25 Ine: taima pambali. palibe chilichonse pano alamu. tchire, chikwangwani chogwa, ndi thumba la simenti long'ambika. anayeza bwinobwino kuti zichitikire panjanji, ine ndazigwetsera patchire

11:26 Ine: mwana akulira pa chiwongolero. ine ndatsika ndayang'ana matayala onse anayi, alibe vuto

11:34 Alamu: mubwerera?

11:41 Ine: ayi. sanandipemphe manambala. anandipempha ulendo

12:29 Ine: tafika. thanki ilipo, yachita dzimbiri. njanji yamera udzu. mtunda uja ndinkakankha ndi waung'ono alamu, ine ndimauza anthu kuti linali phiri

12:31 Mzime: amalume adadi andiuza ndizimitse ndiike free. avula jekete akukankha

12:32 Alamu: bp

12:33 Mzime: ndawauza. akuti ndiwongole basi

12:40 Mzime: tawoloka njanji. akhala pansi pa bampala, thukuta lokhalokha. atenga fomu ya amayi akuiwerenga okha, magalasi ali pamphuno

12:58 Ine: fomuyi ndiitumiza ku kampani mmene ilili, dzina lake pamwamba. 6 yo sindisintha

13:02 Alamu: mita

13:04 Ine: 500031

13:05 Ine: kuchoka pa geti lanu kufika pano, pampando wanga, osatsika kukayankha foni ya katundu. 87 yonse alamu. ndabweza. ndachedwa nayo chaka chathunthu