Manda Sagona

Achimwene a Lingson,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino ku Joni kumeneko, inu ndi alamu anga. Kuno kunsi kwa Michesi tilipo. Amayi miyendo ikuwavutabe, koma kumunda akupita.

Patha miyezi isanu chiikireni bambo m'manda, ndipo foni yanga simuyankha. Ndamva kwa asuweni athu a Hilda kuti mukuuza abale kuti ine ndinathamangitsa maliro dala, kuti musaone nkhope ya bambo. Ndiye ndati ndilembe, poti kalata simungaidule ngati foni.

Munatiuza nokha kuti ndege itera ku Chileka Lachitatu, 10 koloko m'mawa. Ine wosakwerapo ndege ndinaitenga nthawi ya pa tikitiyo ngati mawu a m'Baibulo. Ndinauza amalume a Kaliati, iwo anauza adzukulu, ndipo dzuwa lisanakwere manda anali atakumbidwa. Aneba athu a Makina ananyamuka pa Migowi ndi galimoto kukakuchingamirani.

M'mawa womwewo munaimba kuti ndege yachedwa ndi maola awiri. Kenako akuti oyendetsa ake atopa, akudikira ena. Kenako akuti apaulendo mwachepa, akuphatikizani ndi a mawa. Anthu anapsa ndi dzuwa la Okutobala, akwaya nyimbo zinawathera mpaka anayamba kubwereza.

Mwambo mukuudziwa, manda akakumbidwa sagona. Amalume anakuchitirani chifundo. Anati m'dzenjemo tigonekemo thunthu la nthochi, bambo akudikireni mpaka mawa.

Anakana ndine. Izi simunazimve kwa wina aliyense, ndiye zimveni kwa mwini wake. Bambo anali atagona masiku atatu m'nyumba ya malata ija. Azimayi anayamba kutuluka mmodzimmodzi, nsalu ili pamphuno, amayi okha ndiwo anakakamira pambali pa bokosi. Ine ndinatsegula n'kuyang'ana. Ndinatuluka kukagwada kwa amalume, ndinati, "Nkhope imene achimwene akuithamangira kulibenso. Tsekani."

Inu munafika Lachinayi ndi kapepala kopepesa m'thumba, mutagona ku hotela ya ulere. Munafotokoza kuti a kampani ya ndege akuloza a pabwalo, a pabwalo akuloza a kampani. Onsewo palibe analakwa. Ndiye mlandu unayenda ulendo wonse kuchokera ku Joni kudzagwera ine, amene ndinkawatembenuza bambo pamphasa zaka ziwiri inu mukungofunsa pafoni.

Zimandiwawa, achimwene. Ndipo chimene chandilembetsa ndi ichi: a Hilda akuti tikiti yobwerera kuno kudzamanga chiliza mwagulanso kwa kampani yomweyo. Iwo mwawakhululukira, ngakhale nkhope zawo simukuzidziwa. Ine wobadwa nanu mimba imodzi ndiye ayi.

Chiliza ndi Loweruka lachiwiri la Juni. Amayi akuti popanda inu simenti isatsegulidwe. Bwerani. Mukapanda kundilankhula ndipirira, koma kwerani basi osati ndege, munyamuke Lolemba. Muzolowere msewu, chifukwa amayi akukalamba, ndipo tsiku lawo likadzafika sindidzawerenganso tikiti ya munthu ndisanaitane adzukulu.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Tikondane mumuuze kuti agogo ake amusungira nandolo. Mulungu akusungeni, akufewetseninso mtima.

Ndine mlongo wanu yemwe uja,
Fainess