Nkhumba m'galimoto ya ku Meponda

Lachinayi, 12 Junho 1986

Kwazizira tsiku lonse, ndipo mtima suli m'malo. Galimoto yanga yabwerako ku Meponda yopanda usipa, mafuta otsiriza apita pachabe.

Ndinalola motorista, woyendetsa galimotoyo, kunyamula nkhumba ya mnzake popita. Asodzi achisilamu ataiona, akana kupakira nsomba zawo. Akuti Che Omari, mkulu wawo, anangopukusa mutu n'kuuza motorista: "Kawauze a patrão, abwana akowo, kuti usipa wathu sukwera pogona nkhumba. Kodi Abiti Saide kulibe?"

Kulibedi. Abiti Saide, sekeletale wanga, anathawira ku Malawi ndi ana ake nkhondo itayandikira. Iye akanandiletsa ndisanavomere. Ine ndinkayesa ntchito yake ndi kutayipa basi.

Ndiyenera kukapepesa kwa Che Omari, apo ayi malonda atha. Koma mawu opepesera anthu amenewa ankawadziwa ndi Abiti Saide, ine sindikudziwa poyambira.