Philomena Akadali M'mwamba

Amake Philomena,

Pepani, foni yanu ndatenga ndine. Malaiti apitanso, ndiye ndathamangira kwa a Chongo ku Ngungu kukaitchaja, kuti mwana akaimba asaipeze yozima.

Za lumbiro lanu loti simudya mpaka atatera ku Toronto, ndafunsa bwinobwino. Si basi ya ku Chipata iyi, mayi. Kuchoka ku Lusaka kufika ku Dubai ndi maola pafupifupi seveni, adikire pamenepo, kenaka maola ena fotini ali m'mwamba. Afika mawa. Mwiniwakeyo m'ndegemo akumupatsa chakudya, inu kuno muli ndi matenda a shuga, m'manja kolona yokha.

Ndaphika mbatata, ili m'poto pa mbaula. Idyani, mumwe mapilisi anu. Woyendetsa ndegeyo sakudziwa kuti simunadye, sawonjezera liwiro.

Mathias