Ya ku 23 ikukana

Elube, 10:42
aphunzitsi a Bwanali pepani, ndine Elube wa kalasi ya coding ya mmawa. code yanga ya switch ija yavutanso, pa page ija yoti munthu asankhe dera aone tsiku la sikelo ya ana

Elube, 10:43
ndikasankha Kawale ikutulutsa lolemba, lachiwiri, lachitatu, onse mondondozana. mwana azikagona ku sikelo konko?

Angella, 10:51
amake Tiwale mwaiwala break. pansi pa case iliyonse. popanda iyo imangotsetsereka mpaka pansi

Elube, 10:58
ndinkadumpha dala pokopera mkope. ndinkaona ngati nkungobwereza, kutha mapepala

Elube, 11:15
ndaika. Kawale bho. Biwi bho. Chinsapo bho. 23 ndi 25 zikukana, zikuthawira ku default, "dera ili sitikulidziwa"

Elube, 11:16
zaka 14 ndili ku 23 kuno, ana onse ndaberekera konkuno, lero makina akuti sakukudziwa

Angella, 11:29
kkkk mwalemba bwanji?

Elube, 11:31
case 23:
mmene timatchulira. ndalakwa chani pamenepo

Angella, 11:34
kwa ine zikuoneka bhobho. yanga ilibe manambala nde sindikudziwa

Angella, 11:35
plz osaiwala, laptop ya gulu ndi yanga kuyambira 2. yanganso sinathe

Elube, 11:36
ndikudziwa

Elube, 12:05
aphunzitsi?

Elube, 12:07
munati wolephera katatu malo ake apita kwa a pa waiting list. ine ntchito ziwiri ndinagwa kale. iyi ikapanda kugwira pofika 4 koloko ndiye kuti kwanga kwatha. sindikupempha kuti mundilembere, mungondiuza poyang'ana

Elube, 12:52
🎤 0:24
magetsi athima, batire ili pa 31. Tiwale wabwera kuchokera ku sukulu thupi lili moto, wamng'onoyu akukoka chingwe. ndafufuta nkulembanso katatu, chimodzimodzi. iwe siya icho. siya ndati

Angella, 13:18
yesani kuika 23 pamwamba penipeni

Elube, 13:27
ndayesa. ndaikanso ma break awiriawiri. ndachotsa default, yangokhala chete osatulutsa kanthu. ndabwezera

Elube, 13:40
aphunzitsi ndaimba kawiri

Angella, 13:58
ndili pa geti

Elube, 13:58
ndipatse 20 mins

Angella, 13:59
mpaka ku Biwi ndi maminibasi awiri, inenso 4 yomweyo ikundidikira. ndikakusiyirani tigwa tonse

Elube, 14:03
lowa. usagogode, mwana wangogona kumene

Angella, 15:49
ndatumiza yanga. yanunso ndatumiza mmene ilili, bola aone kt munayesa

Elube, 15:55
zkm

Bwanali, 17:26
Pepani nonse, ndinali ku maliro ku Tsabango, foni inali m'thumba. Mayi Elube, ndaiona. 23 yochokera pa form imabwera ngati mawu, osati nambala, ndipo switch sivomera zongofananako. Mukanalemba case "23": ndi case "25": basi. Zina zonse zili bwino. Mwalemba mwaukhondo kuposa ambiri.

Elube, 17:31
timizere tiwirito?

Bwanali, 17:31
Eya.

Elube, 17:33
maola atatu ndakhala ndikuyang'ana pomwepo

Elube, 17:34
ndikonze mawa?

Bwanali, 17:41
System imatseka yokha 4 koloko, si ine. Mayina apita kale ku ofesi. Lolemba ndikalankhula nawo, koma ndisakunamizeni, chaka chatha anakana wina amene anali mchipatala.

Angella, 17:44
amake Tiwale pepani. ndikanakusiyirani pang'ono

Elube, 17:52
ukanandisiyira mpaka mawa sindikanaona. usadzivute

Angella, 17:53
ndibweretse mawa mungokonza, olo muone ikugwira?

Angella, 18:10
amake Tiwale?

Elube, 18:37
usabweretse. ukamadutsa pa msika uwauze a Mabel oyang'anira mabenchi aja kuti benchi yanga ya kaunjika asapatse munthu. lolemba ndilawirira