Timapaketi ta M'chikwama cha Kamera

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Soche tadzuka, kungoti chimfine chatikwana.

Chithunzi cha nyenyezi pamwamba pa phiri munapempha chija chakanika. Ndinasiya kamera ili chitsegulire nthawi yaitali, osadziwa kuti filimu yamwa chinyezi cha chiperoni n'kupindika m'katimo. Nyenyezi zatuluka ngati phala lotayika!

Vuto ndi azakhali. Anapeza timapaketi toyamwa chinyezi munaika m'chikwama cha kamera tija. Akuti, "Zithumwa m'nyumba ya Mkhristu? Ine ndili moyo?" Basi, n'kuponya pamoto.

Ndafotokoza mpaka kummero kuuma, sakumva. Tumizani filimu ina ndi timapaketi tina, koma muyambe mwawaimbira nokha, chifukwa panopa akusala kudya kuti inuyo mulape.

Ambuye akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Zuze