Ndinabwereka Kwaya kwa Ajapani

Obihiro, Japan
16 Febuluwale 2025

Okondedwa achemwali a Jestina,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu kumeneko, inu ndi alamu anga a Misheck pamodzi ndi ana. Nanga mwendo wa amayi uja ukuwalola kutsikira kudimba? Ndamva kuti mvula yakula mbali ya kwathu ku Mayani. Ndikhulupirira chimanga chamasula bwino ndipo chiwawu sichinalowe m'mbatatesi. Ine kuno ndili moyo. Kunena kuti ndili bwino kungakhale kunama, ndipo pepala limasunga umboni.

Kuno kukuzizira moti chisanu cha ku Dedza chija tinkaopsezera nacho anzathu a ku Nsanje n'chamasewera. Chipale chofewa chafika m'mawondo. Maphunziro akuyenda. Ndikadali munthu yemwe uja anachoka kumudzi kwa mbatatesi, kukwera ndege zitatu, kudzaphunzira za mbatatesi. Malemu bambo ankati akanandiphunzitsa okha kudimba masiku awiri, digiri n'kundilembera pa tsamba la nthochi.

Chimene ndalembera mukuchidziwa. Yakwana miyezi inayi amayi osandilankhula. Ndikaimba foni mumati apita kumphakati, kapena agona. Tsiku lina munati apita kumjigo, ine ndikuwamva akutsokomola pambali panu. Simudziwa kunama, achemwali. M'banja mwathu luso limeneli linagwera ine.

Ndibwereze zimene zinachitika, ngakhale munalipo, chifukwa sindinazinenepo ndi pakamwa panga. Tsiku loika bambo munandiimbira foni ya kanema kuti nane ndione. Munaima pakhomo pa siwa. Amayi ndi azakhali a Monika anali pansi pafupi ndi bokosi, kwaya imene bambo anaiphunzitsa zaka makumi awiri ili panja. Ine ndinali mumpita wa labotale, nditavala chijasi choyera, anzanga akundidutsa ndi mathireyi a mbewu. Kwaya inayamba nyimbo, koma inkaikoka ngati ng'ombe yodwala ikukoka ngolo, amuna a kumbuyo atatsika kale mawu. Pamenepo ndinati: "Achemwali, auzeni afulumireko, bambo angadzuke n'kuwalanda nyimboyo."

Sindinkadziwa kuti foni munaitsegula mawu kuti onse amve. Ndinaona amayi akutukula mutu n'kuyang'ana foniyo. Kenako munaizimitsa.

Ndamva kuti azakhali akuuza anthu kuti sukulu inandiumitsa mtima. Akuti mwana wobadwa bwino amayamba kulira akadali kumsewu, asanalowe m'mudzi, pamene ine ndinafika ndi nthabwala. Sindikuwatsutsa. Madzi akatayika sawoleka. Chimene sakudziwa n'chakuti tsiku limenelo, ndi masiku ambiri otsatira, kulira kunandikanika. Kuno anthu salira mokuwa. Khoma la chipinda changa n'lopyapyala ngati katoni, woyandikana naye akamatsuka mano ndimamva.

Mutandiuza kuti kumudzi mwameta, nane ndinagula lezala n'kudzimeta mpala ndekha. Lolemba ndikulowa m'labotale, onse maso ali pamutu panga. Aprofesa anandiitanira mu ofesi mwawo n'kundiuza mwaulemu kuti mbewu zija zinafa mwezi wathawo zinafa ndi matenda, sikunali kulakwa kwanga, sindinayenere kudzilanga chotero. Apo m'pamene ndinadziwa kuti kuno munthu akameta mpala mwadzidzidzi, ena amaona ngati akupepesa pa mlandu waukulu. Ndinafuna kuwauza kuti aphonya, koma nditaganiza bwino ndinangowathokoza.

Amene anafunsa chenicheni ndi mayi Kurihara, amene amatsuka mabotolo ndi kuthirira mbewu zathu. Ndi mayi wachikulire ndithu, wosalankhulalankhula, wa juzi yotuwa, munthu woti kwathu akanamusankha kukhala mlembi wa bungwe la amayi ku parishi. Ndinawafotokozera ndi Chijapani changa chothyokathyoka. Mawa lake anandipatsa chimbale cha nyimbo m'kaenvelopu. Anati amuna awo atamwalira, pamaliro sanagwetse msozi chifukwa anatanganidwa ndi kuweramira alendo. Ankalirira m'galimoto popita kuntchito, chimbale chimenechi chikulira mokweza. Ine ndinaganiza kuti muli tinyimbo ta chitoliro, tofewa, togonetsa mwana.

Achemwali, khalani pansi. Mtundu wa nyimbozi eni ake amautcha gothiki meto. Musavutike nalo dzinali. Pachikuto pali anthu asanu ovala zakuda zokhazokha, madilesi olendewera ngati makatani a kunyumba ya ansembe, nkhope atapaka zoyera, m'maso atazunguliza makala, ataima m'tchalitchi chogumuka. Sudziwa kuti mwamuna ndi uti. Akanatulukira chonchi cha kudambwe, ana akanamwazikira m'chimanga, amayi a kutsidya n'kuyamba kuwomba m'manja.

Muli nyimbo zisanu ndi zinayi. Yoyamba imayamba ndi belu ndi limba la m'tchalitchi chachikulu, moti ndinatsala pang'ono kuchita chizindikiro cha mtanda. Kenako ng'oma zimagwa ngati matalala pa malata a sukulu. Magitala amalira ngati chigayo cha pa Chimbiya chikameza mphale yonyowa. Mwamuna wina amabangula chakukhosi ngati nkhumba yomangidwa pa njinga tsiku la msika. Pamwamba pa chipwirikiti chonsechi pamayenda mawu a mkazi, opyapyala, oyera, osagwedezeka. Ndinazimitsa n'kuseka ndekha, kuganiza kuti mayi aja andichita chipongwe. Ndinayatsanso chifukwa cha ulemu basi, podziwa kuti adzandifunsa.

Imene inandigwetsa ndi yachinayi. Imayamba ndi limba lokha, pang'onopang'ono, mpweya wake ukumveka ngati limba la bambo lopopa ndi mapazi lija mbewa zinaboola. Mkaziyo amayimba mzere umodzi n'kumaubwereza, ngati munthu akuitana dzina. Amuna amamuyankha chapansipansi, chapatali. Ndinamvetsera kawiri ndisanazindikire chimene ndikumva. Ndi siwa, achemwali. Akazi m'nyumba, amuna panja. Kenako ng'oma ndi magitala zimamugwera zonse pamodzi, koma iye sakweza mawu kuti alimbane nazo. Amangopitiriza mzere wake womwewo, phokoso likumukwirira ngati dothi la adzukulu, iye akumvekabe pansi pake.

Zimene akunena sindizimva. Chijapani changa chimathera pa feteleza ndi kufunsa njira ya ku siteshoni. Mayi Kurihara anafuna kundimasulira, ndinakana. Pamaliro palibe amene amagwira mayi wolira paphewa kumufunsa kuti abwereze, sitinamve bwino.

Linali Loweruka masana. Ndinakweza mawu mpaka pothera, n'kukhala pansi, miyendo nditatambasula ngati mmene anakhalira amayi tsiku lija. Ndinalira, achemwali. Osati kulira kwa munthu wa madigiri kopukuta ndi kampango ayi. Ndinakuwa, ndikuitana bambo wanga ine, bambo wanga ine, mamina ali chuchuchu. Nyimbo ikatha ndinkaibwezera poyamba, chifukwa ikangosiya, mawu anga ankatsala poyera. Sindidziwa kuti ndinaibwereza kangati.

Nditatha ndinapeza kapepala kolowetsedwa pansi pa chitseko. Woyandikana naye analemba kuti nyimbo zanga n'zabwino kwambiri, koma akupempha modzichepetsa kuti ndizitsitseko pang'ono. Za kulira sanatchule. Mwina sanamve, mwina analeredwa bwino.

Lolemba ndinafuna kubweza chimbalecho. Mayi Kurihara anandiyang'ana m'maso, amene anali akadali otupa, n'kundiuza kuti ndichisunge, iwo ali nacho china m'galimoto. Sitinakambenso za nkhaniyi. Paja amati maliro n'kulirana, koma sindinkadziwa kuti wokulirira angakhale wotsuka mabotolo wa kutsidya la dziko.

Tsopano ndasanduka wotsatira wawo weniweni anthu ovala makataniwa, ndipo monga wotsatira ndili ndi ufulu wowadzudzula. Nyimbo yachisanu ndi yothamanga, yabwino poyenda m'chisanu, koma ilibe kanthu m'mimba. Yachisanu ndi chimodzi ili ndi ndime ya Chingerezi choti aphunzitsi a ku pulayimale kwathu akanachilemba mzere wofiira kuyambira pamwamba mpaka pansi. Mu yachisanu ndi chiwiri woimba gitala amadzionetsera mphindi zitatu zathunthu, ngati mwana wa ku yunivesite amene wabwera ku holide. Ndikumudziwa bwino munthu wotereyu, munkamuphikira inu. Yomaliza ndiyo imandisautsa. Limba limaima pakati pa mzere, ngati woliza waitanidwa panja n'kusabwereranso. Poyamba ndinkayesa chimbale chinakalika.

Ndimadzifunsa kuti bambo akanati chiyani. Woimba ng'oma akanamugogoda pamutu ndi kamtengo kawo kotsogolera kwaya kaja chifukwa chothamanga. Wobangulayo akanamutumiza kuchipatala cha pa Boma kuti akamuone pakhosi. Koma mkaziyo akanamuika kutsogolo, ndipo woliza limba akanamuvulira chipewa. Mukudziwa kuti bambo ankakhululukira munthu tchimo lililonse kupatula kutsika mawu.

Apa ndiye ndinene chimene sindinauzepo munthu. Nthabwala ija sinali yanga. Inali ya bambo. Ndili ku sekondale ankanditenga kumaliro, tikakhala kumbali ya amuna panja, ndipo kwaya ikayamba kukoka ankanditsina n'kundinong'oneza: "Ezara, akadzandiyimbira chonchi ine, ndidzadzuka." Ananena zimenezi pa maliro a aphunzitsi a katekisimu, ananenanso pa maliro a agogo aamuna. Tinkaluma milomo kuti anthu asaone. Amayi sangazidziwe, chifukwa nthawi zonse iwo amakhala m'nyumba ndi akazi anzawo. Inunso chimodzimodzi.

Sindikudziteteza. Mawuwo ndinawanena pamalo olakwika, m'makutu mwa mkazi amene mwamuna wake wagona patsogolo pake. Koma nditamva kwaya ikukoka, thupi langa linadikira kutsinidwa. Palibe ananditsina, ndiye ndinanena ndekha. Ndinaiwala kuti munthu yekhayo amene akanaseka ndi amene anali m'bokosi.

Pempho langa ndi limodzi. Nyimbo yachinayiyo ndaitumiza pa foni ya alamu. Lamulungu lotsatira mutalandira kalatayi, mukabwera ku Misa, muwakhazike amayi pakhonde n'kuwawerengera zimene ndalembazi. Ndime ya azakhali mutha kuidumpha, ya kumjigo ija dumphani ndithu. Mukatero muwayatsire nyimboyo. Chithunzi cha oyimbawo musawaonetse, angaitane ansembe kudzawaza madzi foni ya alamu. Phokoso likayamba adzafuna kuimirira. Muwapemphe adikire, amvetsere mkazi amene ali pansi pa phokosolo. Muwauze kuti umu ndi mmene mwana wawo analirira bambo ake, mochedwa, pa kwaya yobwereka, m'chinenero chimene sachimva.

Ikatha mundiimbire, foni muwapatse m'manja. Sindikupempha kuti andikhululukire tsiku lomwelo. Andikalipire. Anditchule mwana wopanda khalidwe, anene kuti sukulu inandiwononga, abwereze zonse za azakhali n'kuwonjezera zawo. Ine sindidzayankha ndi nthabwala, ndalonjeza. Chimene ndikuopa n'chakuti ndatsala ndi chaka china kuno, amayi akukula, ndipo ndaona kale mmene foni ya kanema imabweretsera munthu kumudzi. Sindikufuna kuti mawu omaliza amene anamva kwa ine akhale aja.

Mundiperekere moni kwa alamu a Misheck, muwathokoze chifukwa chosamalira munda wa amayi. Moni kwa amalume a Vinsenti ndi akazi awo, kwa ana anu Pilira ndi Rute, ndi kwa a kwaya onse. Muwauze kuti ndikudziwa chimene chinawatsitsa mawu tsiku lija, munthu sungayimbe bwino ukumeza misozi. Azakhali a Monika muwapatse moni wapadera, wogwada. Mukapita kumanda kukapalira, muwauze malemu bambo athu a Rafaelo kuti mwana wawo wapeza limba lina.

Kalata yochoka kuno sindidziwa kuti imatenga masabata angati kuti ifike pa Mayani, kotero sindidziwa Lamulungu lake. Kuyambira likubwerali, Lamulungu lililonse kwanu kukamakwana masana ine ndizikhala m'chipinda, nyimbo nditazimitsa, foni ili pabondo.

Tsalani bwino, achemwali.

Ine mlongo wanu,
Ezara