Wophunzira wanga wakaniza wapampando pasiwedi

Aphungu,

Ndimaphunzitsa antchito a kopaletivi ya alimi kuno momwe angatetezere netiweki ya makompyuta a mu ofesi yawo kwa akuba a pa intaneti. Poyamba ndinkangolemba pa bolodi, iwo n'kumaloweza ngati katekisimu. Tsiku lina, titagwirizana ndi wapampando wawo, a Gerishon, ndinawayesa antchitowo. Ndinatumiza uthenga pa nambala yachilendo, ngati ndine a Gerishonwo, kupempha pasiwedi, mawu achinsinsi olowera pa netiwekiyo. Onse anapereka, ena mpaka kuwonjezera "zikomo bambo". Kwathu kuno wamkulu sakanizidwa kanthu.

Bolodi ndinalisiya. Tinayamba masewero, wina kukhala wakuba, wina kukana. Tinkaseka mpaka nthiti kuwawa, koma zinalowa.

Sabata yatha foni ya a Gerishon inatha moto ali ku Matope. Anabwereka ya mnzawo n'kuimbira mlembi, Tiwonge, kuti awauze pasiwedi. Iye anati, "Pepani bambo, pa foni sinditchula. Mukafika ndidzakulowetserani ndekha." Ine nditamva ndinavina, Aphungu! Koma a Gerishon akuti ndi mwano, ndipo akufuna komiti ya kopaletivi imuchotse ntchito. Kodi ndaphunzitsa mwano?

C.K., Lisungwi

A C.K.,

Vinani ndithu, mwapambana. Phunziro ngati limeneli limaoneka kuti lalowa tsiku limene wophunzira wakana munthu amene amamuopa. Wakuba amadziwa kuti timagwadira akuluakulu, n'chifukwa chake amabwera m'dzina lawo.

Mwaphonya pamodzi pokha: munaphunzitsa antchito, wapampando n'kumusiya panja. Pitani kwawo, mukalankhule nawo pa awiri. Akumbutseni za uthenga wabodza uja, poti anauvomereza okha. Afunseni kuti akanakhala wina woyerekeza mawu awo, mayina ndi manambala a alimi onse bwenzi ali m'manja mwa yani lero. Kenako komiti ikhazikitse lamulo loti pasiwedi isamatchulidwe pa foni, kaya wapempha ndani, ndipo a Gerishon alilengeze ndi pakamwa pawo. Tiwonge akamakana azingoti, "Ndi lamulo lanu lija, bambo."

Masewero aja musasiye, ndipo wapampando nayenso azilowa m'bwalo. Koma samalani: musayese anthu kapena netiweki popanda chilolezo cha eni ake, ndipo wogwa pa mayeso musamuchititse manyazi pagulu.

Tiwonge asachoke. Mlonda akafunsa mwini munda kuti "ndinu yani?" sapitikitsidwa. Mukamuuze kuti wakhoza.

Aphungu